Timatabwa ta Cutty Sark tija tasiya kuthyoka

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake timatabwa tinkathyoka ndikamatipinda kutsogolo kwa kachombo kamene ndikupanga motengera Cutty Sark, chombo cha matanga chomwe chinamangidwa ku Dumbarton, ku Scotland, mu 1869 kuti chizinyamula tiyi kuchokera ku China. Ambiri munati ndizitiviika m'madzi otentha. Zikomo, zathandiza, koma madzi okha sakwanira.

Kathabwa kakanyowa ndikumakapindira pa paipi yachitsulo yotenthako, kenaka ndikukagwiritsa ndi timapini pamalo pake mpaka kaume. Guluu ndikumapaka mawa lake. Mukamata kadakali konyowa, kamafota pouma n'kusiya mpata wonyansa. Komanso kutsogolo kwa chombochi n'kosongoka kwambiri, choncho kathabwa kalikonse kamafunika kukapala kuti kachepe chakumapeto, apo ayi timatabwato timasanjikizana.

Pa sikelo ya 1:96, kutanthauza kuti kachomboka n'kakang'ono kuwirikiza ka 96 poyerekeza ndi chenichenicho, thunthu la mamita pafupifupi 65 likukwana masentimita 67 basi. Tsopano ndafika pokuta kunsi. Chombo chenichenicho, chomwe chili ku Greenwich, mu London, kunsi kwake kuli Muntz metal, msakanizo wa mkuwa ndi zinki, n'chifukwa chake kumaoneka kwachikasu. Ndiye mkuwa wofiira ndaukana, ndikusaka brass yopyapyala, yomwenso ndi msakanizo wachikasu wa mkuwa ndi zinki. Amene munamatapo brass pa thabwa, ndi guluu uti amene amagwira bwino?