Mafilimu akale oopsa kunyumba: tiyambe ndi ati, nanga TV tiitchere bwanji?

Gologolo:
Moni nonse. Ine ndi mayi akunyumba tikufuna tizionera mafilimu akale oopsa ndi a nthano Loweruka usiku. Iwo magazi sawafuna, koma kanthumanzi pang'ono amakakonda. Tiyambe ndi ati? Chinanso, pa TV yathu ya mainchesi 32 nkhope zikuoneka zophwatalala, mdima ukuoneka wotuwa ngati phulusa, ndipo mayendedwe a anthu sakuoneka a m'filimu. Vuto ndi filimu kapena TV?

Kadzidzi:
Achimwene, gwirani kaye rimoti. Zitatu mwatchulazo chilichonse chili ndi gwero lake.

Nkhope zophwatalala: mafilimu pafupifupi onse opangidwa chisanafike chaka cha 1953 chithunzi chake ndi choyandikira 4:3 (chopingasa 4, choimirira 3), pomwe TV za masiku ano ndi 16:9. TV ikafuna kudzaza galasi lonse imachikokera m'mbali. Pitani pa Aspect Ratio kapena Picture Size, musankhe Original kapena 4:3. Kumanzere ndi kumanja kutsala mizere yakuda, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Zoom musaikhudze, imadula mitu ya anthu ndi mawu olembedwa pansi.

Mayendedwe: filimu yamawu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, koma TV imapeka zithunzi zake n'kumazilowetsa pakati. Pa Samsung dzina lake ndi Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, pa LG ndi TruMotion, pa Sony ndi Motionflow. Pa mpira imathandiza, pa filimu izimitseni. Zimitsaninso Noise Reduction ndi Dynamic Contrast. Yoyambayo imafufuta timadontho ta filimu mpaka khungu n'kusalala zosakhala bwino, yachiwiriyo imawalitsa galasi yokha pomwe wojambula ankafuna mdima.

Za mdima ndiye pofunika kudekha. Chokani pa Vivid kapena Dynamic, mupite pa Movie kapena Cinema. Imitsani filimu pamalo a usiku. Tsitsani Brightness mpaka mizere ya m'mbali ija ide bii, kenako kwezani pang'onopang'ono mpaka makwinya a jekete lakuda ayambe kuoneka. Imani pomwepo. Mukapitirira kutsitsa, chilombo chobisala pakona simuchiona n'komwe. Getsi lakudenga lizime, koma siyani kanyali kofooka kuseri kwa TV kuti maso asatope. Pa mainchesi 32 musakhale patali kuposa mita imodzi ndi theka.

Mleme:
A Kadzidzi amaliza za TV, ine ndinene za kusankha. Ambiri amathamangira Dracula ya 1931 chifukwa cha dzina la Bela Lugosi. Ine sindingayambire pamenepo. Mphindi 20 zoyambirira ndi zokoma, kenako imakhala anthu kuyankhulana m'chipinda, ndipo nyimbo mulibe kupatula koyambirira ndi pamalo amodzi. Munthu wotopa ndi ntchito agona basi.

Kwa alamu osafuna magazi, Cat People ya 1942 ndiye yoyenera. Ndi ya mphindi 73 zokha, ndipo mantha ake ali m'mithunzi ndi m'phokoso la mapazi a munthu amene simukumuona. Loweruka lotsatira ikani Frankenstein ya 1931, kenako Bride of Frankenstein ya 1935, motsatana choncho popeza yachiwiri ikuyambira pomwe yoyamba yathera. Koma achenjezeni: mu Frankenstein muli malo omwe Boris Karloff, yemwe akusewera chilombo, amaponya kamtsikana m'madzi, ndipo amakhudza mtima kuposa magazi.

Night of the Living Dead ya 1968 imapezeka mwaulere pa webusayiti ya Internet Archive chifukwa ogulitsa anaiwala kuikapo chizindikiro cha umwini. Ulerewo usakukopeni, muli akufa akudya nyama ya anthu poyera. Isungeni kaye.

Usiku wofuna kupumula, tengani Jason and the Argonauts ya 1963. Nkhondo ya mafupa oyenda asanu ndi awiri katswiri wa zidole Ray Harryhausen anaijambula posuntha zidole chithunzi chimodzichimodzi, ntchito ya miyezi yoposa inayi. Kunjenjemera kwa zidolezo ndiye kukoma kwake, n'chifukwa chake zija anena a Kadzidzi zizime ndithu. The Wizard of Oz ya 1939 imayamba yopanda mitundu kwa mphindi pafupifupi 20, musayambe kulimbana ndi rimoti poganiza kuti TV yafa.

Nanzikambe:
Ndionjezere za fayilo. Koperanitu filimu masana. Intaneti ikafooka, malo amdima ndi amene amayamba kuphwanyika kukhala timabokosi, ndipo filimu yoopsa theka lake ndi mdima. Pa TV yanuyo 720p ndi yokwanira.

Fulashi yofomatidwa mu FAT32 silandira fayilo yoposa 4GB, isintheni ikhale exFAT kapena NTFS, koma muchotsemo kaye zanu chifukwa zonse zifufutika. TV ikatulutsa mawu opanda chithunzi, kawirikawiri fayiloyo ndi ya mtundu wa H.265, funani ya mtundu wa H.264. Ikatulutsa chithunzi chopanda mawu, onani ngati mawuwo ndi a mtundu wa DTS, TV zambiri siziwawerenga. Njira yachidule ndi laputopu, pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC ndi chingwe cha HDMI, ndipo magetsi akathima mumalizira pa laputopupo.

Mawu a mafilimu amenewa ndi mono (a njira imodzi yokha), choncho Surround izime, imangowonjezera kulira kwa sss. Chingerezi cha zaka za m'ma 1930 chimavuta kumva, ikani mawu olembedwa. Fayilo ya mawu olembedwawo (.srt) ikhale ndi dzina lofanana ndendende ndi la filimu, mu foda imodzi. Mawuwo akamatsogola kapena kutsalira mofanana filimu yonse, dinani G kapena H mu VLC. Koma akayamba bwino n'kumapatuka pang'onopang'ono, ndiye kuti anapangidwira DVD ya ku Ulaya ya zithunzi 25 pa sekondi, ndipo pofika mphindi 90 kusiyana kwake ndi pafupifupi mphindi zinayi. Pamenepo funani fayilo ina.

Gologolo:
Zikomo akuluakulu, nkhope zabwerera m'malo. Nanga Nosferatu? Imene ndapeza anthu akuthamanga moseketsa, ndipo namapopayo akuyenda dzuwa lili phwee.

Mleme:
Mwapeza kope loipa. Filimu imeneyo ndi ya ku Germany, ya 1922, yopanda mawu, ndipo inajambulidwa pa liwiro lochepera zithunzi 24 pa sekondi. Oiika pa 24 amaithamangitsa. Za dzuwazo, wotsogolera filimuyo F. W. Murnau anajambula malo ambiri a usiku masana, ndipo filimu ankainyika mu utoto: wabuluu kusonyeza usiku, wachikasu kusonyeza masana. Makope akuda ndi oyera okhaokha anataya chizindikirocho, nkhani n'kusokonekera, popeza chomwe chimapha namapopayo kumapeto ndi kutuluka kwa dzuwa.

Yang'anani utali musanakopere. Kope lokonzedwanso bwino limatenga pafupifupi mphindi 94 ndipo lili ndi utoto. La ola limodzi ndi timphindi ndi lodulidwa kapena lothamangitsidwa. Mverani kaye nyimbo yake mphindi ziwiri, chifukwa ena amangomatapo iliyonse yomwe apeza.