Salale ndi yaikulu koma ndikulephera kusiya ntchito, ndithandizeni maganizo

Mwini funso:
Abale pagulu pano, ndabisa dzina chifukwa anzanga ena akuntchito ali momuno. Ndakhala ndikungowerenga za ena, lero lagwera ine, paja mutu umodzi susenza denga.

Ndili ndi zaka 41, pabanja, ana atatu. Ndakhala mu ntchito za ndalama zaka 14, ndinayamba ndi kusanthula malipoti a makampani, ndinakhoza mayeso onse atatu a CFA (mayeso a ukatswiri wosanthula ndi kuyendetsa ndalama), pano ndimatsogolera timu yoyendetsa ndalama za makasitomala akuluakulu. Malipiro anga ali pawiri, salale ya pamwezi ndi bonasi ya pachaka. Chaka chikayenda bwino bonasi imatsala pang'ono kufanana ndi salale ya chaka chonse, koma siyonse imafika m'manja, pafupifupi theka amaisandutsa masheya a kampani yathu yomweyi nkumakupatsa pang'onopang'ono kwa zaka zitatu, ndipo ukachoka wekha zomwe sizinakhwime, kutanthauza zomwe nthawi yoti zikhale zako sinakwane, zimatsala konko.

Nde chaka chino bonasi yatsika kuposa theka. Usiku wa tsiku lomwe anatiuza ndinakhala pa tebulo ndi laputopu onse atagona, ndinatsitsa masitetimenti a miyezi 12 nkuyamba kuika chilichonse pamzere wake, zomwe ndimachitira makasitomala tsiku ndi tsiku koma zanga ndinali ndisanachitepo bwinobwino. Ngongole ya nyumba, fizi ya ana atatu, maloni a magalimoto awiri, inshuwaransi, kilabu, antchito apakhomo, zimenezi zokha zikudya 90% ya salale. Holide, kukonzetsa nyumba, kuthandiza abale, ngakhale kubweza za pa khadi ya ngongole, zonse zimadikira bonasi. Ndalama yoti ndingaitenge mawa zitavuta ingatisunge miyezi iwiri basi. Zina zonse zomwe ndimati ndi chuma changa ndi nyumba yomwe sindinamalize kulipira ndi masheya a kampani yomwe imandilipira salale. Manja ananjenjemera, sindikunama.

Komanso thupi latopa. Ndimagona maola asanu, BP inakwera, dokotala wandiyambitsa mankhwala. Ndikafika kunyumba ndimakhala kaye m'galimoto kumaliza mafoni, mwana wanga wamng'ono anazolowera kubwera kudzagogoda pa windo nkuimirira pompo mpaka ndimalize, tsiku lina anaima mphindi 40 atanyamula kope lake loti ndimusainire, ine ndikungomukwezera chala kuti dikira.

Pano kampani ina yaing'ono yandiitana. Salale ndi yotsika ndi 30%, bonasi yochepa kwambiri, koma 5 koloko anthu amaweruka. Mtima ukufuna, masamu akukana. Ndikapita masheya osakhwima aja ndataya, ndipo moyo womwe tili nawowu sungakwane pa salale imeneyo olo pang'ono. Akazi anga sakudziwa kuti zafika apa, amangodziwa kuti bonasi yachepa. Ndiyambire pati abale? Ndidule chani osawapweteka ana, nanga masheya omwe anakhwima kale ndiwagulitse kapena ndidikire akwere kaye poti pano atsika? Alipo anachokapo pa ntchito ngati iyi nkukhala bwinobwino?

Wopuma ntchito ya banki:
Achimwene, pepani ndi zomwe mukudutsamo, ndinagwira ntchito ngati yanuyo zaka 30. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Masheya osakhwimawo muwalembe ziro mu bajeti yanu lero lomwe, akabwera mudzathokoza, koma si anu. Ndikuona kuti akukumangani miyendo ndipo anawapangira zomwezo, kuti mukamaganiza zochoka muziona ngati mukutaya. Ndipo chaka chilichonse amawonjezera ena atsopano, nde tsiku loti muchoke osasiya kanthu silidzafika.

Za okhwimawo, gulitsani. Salale yanu, bonasi yanu ndi ndalama zanu zosunga zonse zatsamira pa mtengo umodzi. Banki yaikulu ya ku America ya Lehman Brothers itagwa pa 15 September 2008 antchito ambiri anataya ntchito ndi chuma tsiku limodzi chifukwa analipidwa ndi masheya a kampaniyo nkuwasunga. Ku Enron, kampani ya magetsi ndi gasi ya ku America, sheya inali pafupifupi madola 90 mu 2000, pofika kumapeto kwa 2001 inali yosakwana dola imodzi, ndipo penshoni za antchito ambiri zinali mmenemo. Credit Suisse, banki yomwe inakhala zaka zoposa 160, inagulidwa ndi banki inzake ya ku Switzerland ya UBS mu March 2023 pamtengo wogwetsa. Onsewo anali anthu ophunzira ngati inu, ankaidziwa kampani yawo mkati ndipo nchifukwa chake ankaikhulupirira. Kasitomala atabwera kwa inu ali ndi chuma chonse mu sheya imodzi mungamuuze kuti adikire ikwere?

Mayi wa awiri:
Bambo, ine za masheya ndisiyira ena. Chandiwawa ndi choti mwauza gulu lonse lino koma mayi akunyumba sakudziwa. Amuna anga anachita zomwezi, ankati akunditeteza, ine ndikupitiriza kugula ndi kulonjeza ana maulendo osadziwa kuti tikuyenda pa ngongole, tsiku lomwe ndinadziwa sindinalire ndalama ayi, ndinalira kuti zaka ziwiri munthu ankasenza yekha ine ndili pambali pake. Atsegulireni laputopuyo aone okha mizere yonse. Mwina zinthu zina mukuzisunga poganiza kuti iwo akuzifuna pomwe iwonso akuzisunga poganiza kuti ndi inu mukuzifuna.

Mwini funso:
Amayi, mwandilasa pamtima koma mwanena zoona. Ndimaopa kuti aziona ngati ndalephera, poti ntchito yanga ndi yomweyi yosamala ndalama.

Wamasamu:
Akulu, tiyeni tiwerengere limodzi. Mukudziwa kale za William Bengen, mlangizi wa zandalama wa ku America, mu 1994 anayang'ana mbiri ya misika ya ku America nkupeza kuti munthu wotapa 4% ya chuma chake chaka choyamba, nkumawonjezera malinga ndi kukwera kwa mitengo, ndalama zake zinkamufikitsa zaka 30 zisanathe. Si lamulo la Mose, zinachokera pa msika wa dziko limodzi, koma zimathandiza kuona kukula kwa nkhani. Tanthauzo lake ndi loti chilichonse chomwe mumalipira chaka ndi chaka chimafuna chuma chochuluka maulendo 25 kuti chizidzilipira chokha inu mutasiya ntchito. Tengani ndalama ya kilabu ya pachaka, chulukitsani ndi 25. Galimoto yachiwiriyo, loni, inshuwaransi, sevisi, chulukitsani ndi 25. Mukatero mudzaona kuti simukulipira kilabu ndi ndalama, mukulipira ndi zaka zokhala m'galimoto muja mwana akugogoda.

Ine ndingayambe ndi zomwe ana sangazimve kuwawa. Galimoto yodulayo ipite, mugule yapakati ya kashi. Kilabu imani kaye. Ngongole ya pa khadi ithe ndi ndalama ya masheya mugulitsewo, chifukwa chiwongola dzanja cha khadi palibe sheya yomwe mungadalire kuti ichipose chaka ndi chaka. Yotsalayo ipange thumba la zadzidzidzi lokusungani miyezi 6, ine kwa munthu wa ntchito yanuyi ndimati 12 chifukwa misika ikagwa ndi nthawi yomweyo makampani onse a zandalama amasiya kulemba anthu, nde umachotsedwa pomwe kulibe kothawira. Fizi ikhale yomaliza kuikhudza. Nyumba ndiye nkhani yaikulu, mutiuze ikudya gawo lanji.

Mwini funso:
Nyumba yokha 38% ya salale yomwe ndimalandira msonkho atachotsa. Fizi 27%. Tinagula chaka chomwe bonasi inali pamwamba kwambiri, ndinkaganiza kuti zizikhala choncho.

Mnzanu wa ntchito yomweyi:
Ine ndisiyana nawo ena pang'ono. Musachoke pano mwezi uno muli ndi mantha, chisankho cha usiku wosagona sichikhala bwino. Ndi nyumba ya 38% pa salale yapanoyi, mukatsika ndi 30% nyumba yomweyo idzadya kuposa theka, muwerenge nokha, kupanikizika komwe mukuthawako mudzakupeza kukudikirani kunyumba. Ine ndinachita chonchi, ndinakhala miyezi 18 ndikukhala moyo wa salale yotsikayo ndikadali pa ntchito yakale, kusiyana konse ndimasunga, bonasi osaikhudza. Ndinaona kuti zikutheka ndisanadumphe.

Chinanso, mwawafunsa a kampani yatsopanoyo ngati angakulipireni gawo la masheya mukusiyawo? Mu ntchito yathuyi zimachitika kawirikawiri, amakupatsa ndalama yolowera kapena masheya awo, koma safunsa anadya phula. Werenganinso kontilakiti yanu, onani masiku enieni omwe gawo lotsatira likukhwima, nthawi zina kudikira miyezi itatu kumasintha zambiri, onaninso ngati muli mawu okuletsani kugwira ntchito kwa opikisana nawo kwa kanthawi, ndi oti angakulandeni bonasi yakale. Loya wa zantchito akuwerengereni, musadalire maso anu okha.

Membala wina:
Koma abale ena tikusowa ya lendi, inu mukudandaula za kilabu?

Mwini funso:
Ndakumvani achimwene ndipo sindikufanizira vuto langa ndi lanu, lanu ndi lolemera. Ndalemba chifukwa ndikuopa kuti ana anga angadzavutike chifukwa cha zosankha zanga, ndipo ndilibe wina womuuza.

Wopuma ntchito ya banki:
Pogulitsapo musaiwale kupempha chilolezo ku compliance, ofesi yoona kuti antchito akutsatira malamulo, ndi kudikira nthawi yomwe antchito amaloledwa kugulitsa, musadzipezere mlandu wina pamwamba. Msonkho wa phindu muwerengeretu. Ndipo zotsalazo musayambe nazo ukatswiri, vuto la ife anthu a ntchitoyi timafuna ndalama zathu zomwe zionetse kuti ndife anzeru. Warren Buffett, mpondamatiki wa ku America wodziwika pa zamasheya, anabetcha madola 1 miliyoni kuti index fund wamba (thumba longogula masheya a makampani onse a pa mndandanda) yotsatira S&P 500, mndandanda wa makampani akuluakulu 500 a ku America, iposa ma hedge fund (matumba oyendetsedwa ndi akatswiri olipiritsa ndalama zambiri) osankhidwa ndi katswiri pa zaka khumi, kuyambira 2008 mpaka 2017, ndipo anawina kutali, index ija inkapanga pafupifupi 7% pachaka pomwe enawo anali cha m'ma 2%. Chinawadya kwambiri ndi ndalama zolipira oyendetsa. Kusiyana kwa 1% yokha, 7 ndi 6, pa zaka 30 kumachotsa pafupifupi kota ya chuma chonse. Izi mumazidziwa kuposa ine, kungoti za mwini zimavuta kuona. Chabwino china ndi choti index fund nthawi zambiri sivuta ku compliance ngati sheya imodziimodzi.

Za BP musazichedwetse. Ine mnzanga wa desiki yoyandikana nayo anagwa mu ofesi ali ndi zaka 46, masheya ake anakhwima iye ali pa njinga ya olumala.

Mayi wa awiri:
Bambo mwalankhula nawo?

Mwini funso:
Ndabwera kudzakuuzani. Dzulo ana atagona ndinawatsegulira zonse, mzere ndi mzere. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ankadziwa kuti china chake chalakwika chifukwa ndinasiya kudya nawo pa tebulo, koma ankaganiza kuti mwina ndi iwo andilakwira. Zimenezo zandipweteka kuposa masamu onse. Za kilabu akuti iwo sankaikonda nkomwe, ankapita chifukwa ankaona ngati ntchito yanga imafuna kuti tizioneka kumeneko. Galimoto akuti ipite. Pa nyumba sitinagwirizane, iwo akuti tigulitse tipeze yaing'ono pafupi ndi sukulu ya ana, ine mtima ukukanabe, mwina ndi manyazi ndi anzanga, sindikudziwa. Pa fizi tonse tati wamkulu amalize kaye pomwe ali poti watsala ndi zaka ziwiri.

M'mawa uno ndatumiza pempho ku compliance logulitsa masheya okhwimawo, ndalemberanso kampani yatsopano ija kufunsa ngati angandidikire mpaka gawo lotsatira likhwime miyezi inayi ikubwerayi komanso ngati angalipireko zomwe nditaye. Sanayankhe.

Chomwe ndikufunsabe ndi cha nyumbayi. Alipo pano anagulitsapo nyumba yaikulu nkusamukira yaing'ono ana ali kale a zaka 15, 11 ndi 6? Munawauza bwanji, ndipo wamkuluyo anazilandira bwanji?