Malaita omwe ndinaoda akuphulika, nditani?

Wa grosale, Ndirande: Anzanga, ndigawireni nzeru. Ndinaoda mabokosi awiri a malaita otchipa, olembedwa BIC. Dzulo kwabwera mayi wina nsidze zitawauka, akuti poyatsa mbaula lawi linalumpha mpaka kumaso. Lero ina yaphulika yokha pashelefu. Ndalama yake ndinakongola ku banki mkhonde.

Mayi wa okala, Area 25: Pepani achimwene. Choyamba tsitsani onse, musagulitsenso ngakhale imodzi. Amenewo si BIC, angobera dzina. Ine ndinaona ana akutumidwa kudzagula, ndiye ganizani lawi lotero m'manja mwa mwana.

Wa holoselo, Mzuzu: Laita yabwino imatsata muyezo wa ISO 9994, womwe ndi muyezo wa padziko lonse wa chitetezo cha malaita. Ikakhala yopanda posinthira lawi, lawilo lisapitirire masentimita 5. Mukachotsa chala lizime pasanathe masekondi awiri. Iyenera kupirira kugwa kuchokera pa mita imodzi ndi theka, komanso kutentha kwa madigiri 65 kwa maola anayi osaphulika. Tengani zisanu, mukayesere panja, kutali ndi nkhope. Ngati pulasitiki yake ndi yoonekera mkati, iyang'aneni padzuwa: gasi asadzaze mpaka pakhosi, pamafunika mpata woti afufumire kukatentha. Yanu yaphulikayo mwina inali yodzadza, kenako malata a masana n'kumalizitsa.

Wa grosale, Ndirande: Ndayesa. Zitatu zikupitirira kuyaka nditachotsa chala, ina ikulira kuti psii pakhutu. Pabokosi palembedwa ISO 9994 ndithu.

Wa holoselo, Mzuzu: Kulemba n'kosavuta bambo, wachinyengo amasindikiza chilichonse. Dalirani zomwe mwaona ndi maso.

Mayi wa okala, Area 25: Lisiti muli nalo? Bwererani nalo komwe munaoda, akubwezereni ndalama. Koma musapereke onse, adzangogulitsa kwa wina. Sungani angapo pamodzi ndi bokosi, mukaonetse a Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo ya katundu. Komwe munaodako akakana kubweza, kadandauleni ku CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda, nkhani za katundu woika ogula pachiswe ndi zawo.

Wa grosale, Ndirande: Lisiti lilipo, ndipita mawa m'mawa. Mayi uja ndamubwezera ndalama yake, ndamupatsanso machesi. Chikundisowetsa tulo n'chakuti khumi ndi awiri ndinagulitsa kale, ali m'makomo mwa anthu. Ndaika chikwangwani pawindo kuti aliyense amene anagula abweze, ndipo madzulo ano ndidutsa m'makomo omwe ndikuwadziwa.