Zithunzi za mumsewu zopanda zambirimbiri, mu Mzuzu muno zingatheke?

wakuChibavi:
Anzanga amene mumajambula ndithandizeni. Ndakhala ndikuona pa Instagram zithunzi za ku Tokyo kaya London, zija amati minimalist, munthu mmodzi akudutsa pakhoma loyera kwinako kulibe kanthu, mwina chithunzithunzi chake basi. Zimandifika pamtima zedi. Nde Loweruka masana ndinatenga foni kukayesa mtauni, kuyambira pa clock tower kudutsa mu Orton Chirwa mpaka kudepoti, ndajambula zambiri koma palibe olo chimodzi chomwe ndingaonetse munthu, paliponse mawaya amagetsi, zikwangwani, maminibasi, ma sacramento (akabaza a njinga aja), pakhoma lomwe ndimalifuna lija wina wayalapo kaunjika. Vuto ndi foni kapena tauni yathuyi siyoyenera zimenezi? Kamera yeniyeni ndilibe.

mkulu_waKatoto:
Achimwene foniyo musainamizire, mwalakwitsa nthawi. Loweruka masana kudepoti ndi pomwe Mzuzu yonse yakumana. Ife tili ndi chinthu chomwe anzathu ambiri alibe, nkhungu. Tauni ino ili pamwamba, mamita opitirira 1,200, nde June ndi July mmawa kumayera mbuu ndipo nkhunguyo imakufufutirani mawaya ndi zikwangwani zonse ulere. Dzuwa nthawi imeneyo limatuluka cha m'ma 6, inu mukhale mwafika kale. Chaka chatha ndinaima mumsewu wa ku Luwinga, zala zitauma ndi chisanu, galasi la foni ndikungolipukuta ndi juzi chifukwa limachita chinyezi, kenako patulukira bambo wina panjinga atamanga thumba la makala lalitali kuposa iwowo, kumbuyo kwawo kulibe kanthu ndi mtengo womwe osaoneka, kanyali kagalimoto kamodzi patali. Mpaka lero ndi chithunzi chomwe ndimachikonda kuposa zonse zanga. Chenjezo limodzi, mu nkhungu foni imakonda kudetsa, zoyera zija zimatuluka zotuwa ngati phulusa, nde dinani pasikirini mukweze exposure pang'ono, ndiko kuti kuwala kwa chithunzi.

China, musamathamangitse anthu. Pezani khoma kaye, imani, konzani zonse, kenako dikirani munthu alowe yekha. Mphindi 20 pamalo amodzi sizachilendo.

nyaMasasa:
Zoti tauni ndi yodzadza si chifukwa. Fufuzani Fan Ho, ankajambula ku Hong Kong m'ma 1950 komwe anthu ndi ochuluka kutiposa kutalitali, koma zithunzi zake zili phee. Chotchuka chake cha 1954 ndi mtsikana atatsamira khoma lalitali, mthunzi waukulu ukudula khomalo mopingasa, ndipo mthunziwo anachita kuwonjezera mu darkroom, chipinda chamdima chotsukiramo zithunzi, nde inu musaope kudula chithunzi kaya kudetsa mbali ina mukafika kunyumba. Makoma tili nawo bwanji, timashopu tambiri mmalokeshoni anatipenta mtundu umodzi, tofiira ta Airtel tobiriwira ta TNM, pitani kumbali komwe kulibe zolemba mudikire mayi wa chitenje cha mtundu wosiyana. Pakakanika kupeza khoma gwadani pansi kumbuyo kwa munthuyo kukhale mitambo yokha, thambo silikhala ndi chikwangwani. Mitundu ikachuluka ikani black and white. Zumu yotsina ndi zala ija isiyeni imaphwanya chithunzi, bola kuyandikira ndi miyendo, pokhapokha ngati foni yanu ili ndi lenzi yake ya 2x.

wa_Chiputula:
Zonsezi ndikugwirizana nazo koma tisaiwale kuti amene tikuwadikira pakhomawo ndi anthu. Ine mayi wina wogulitsa nthochi pamsika anandikalipira gulu lonse likumva, ati mukufuna mukatigulitse kwa azungu, ndipo sindinawaone kulakwa chifukwa sindinawapatse ndi moni womwe. Panopa ndimayamba ndi monire amama, ndikajambula ndimawaonetsa, akakana ndimafufuta iwo akuona. Ana osajambula popanda kholo. Komanso kufupi ndi Moyale Barracks kaya pageti pomwe pali asilikali foni ikhale mthumba, musayese.

wakuChibavi:
Zikomo nonse mwanditsegula maso. Koma akulu a ku Chiputula, ndikapempha kaye munthu sayamba kuima mowongoka nkumamwetulira? Pamenepo kukoma kuja kwatha.

wa_Chiputula:
Eya zimachitika, nchifukwa chake wodutsa patali woti nkhope sikuoneka, monga wa mu nkhungu uja, ine sindimuimitsa. Wokhala pamalo ake ngati telala pakhonde kaya wosoka nsapato ndi amene ndimacheza naye kaye, ndimamuuza pitirizani ntchito musandione, pakapita kanthawi amaiwala yekha kuti ndilipo mutu nkubwerera pamakina.

mkulu_waKatoto:
Lamulungu mmawa mtauni mumakhala mulibe anthu, mashopu ambiri otseka zitseko zamalata zili mizeremizere, odutsa ndi opita kutchalitchi mmodzimmodzi atatchena. Ine ndikhala pa clock tower 6 koloko, ngati mungadzuke bwerani ndi juzi tikayendere limodzi.