Munda wachitsanzo wa nandolo ndi mtedza: tiyambe chaka chino?

Wapampando, Lilongwe:
Moni nonse a kwathu. Pa ndalama zomwe tasonkha pabwera ganizo la mwana wathu Chikondi, amene akumaliza maphunziro ku Bunda. Akuti titsegule munda wachitsanzo pafupi ndi sukulu ya pulayimale, tibzalemo nandolo pamodzi ndi mtedza, chaka chinacho chimanga. Chikondi, fotokoza wekha anthu amve. Mvula ili pafupi.

Chikondi:
Zikomo a Wapampando. Njirayi si yongoganiza m'mutu ayi. Inayesedwa zaka zingapo m'minda ya alimi ku Ntcheu konkuno, ku Kandeu ndi ku Nsipe, komanso ku Linthipe ndi ku Golomoti m'boma la Dedza, pa pulojekiti ya Africa RISING yomwe munali a LUANAR, yunivesite yathu ya zaulimi ya ku Bunda, ndi a Michigan State University ya ku America. Nandolo amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, ndiye salimbana ndi mtedza. Mukakumba mtedza m'pamene iye amatambasuka. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, masamba amayoyoka n'kuwolerana m'munda, ndipo mbewu ziwirizi zimawonjezera nayitirojeni m'nthaka. Chimanga chobwera pambuyo pake chimachita bwino ngakhale feteleza ali wochepa.

Bambo Maseko, mlangizi wopuma:
Mwana wanga, zonse wanenazo n'zoona, sinditsutsa ngakhale chimodzi. Koma undiuze, m'mabuku akowo mbuzi zili pa tsamba liti? Kwathu kuno chimanga chikangochoka m'munda mu Meyi, zingwe zimamasulidwa. Nthawi imeneyo nandolo amakhala asanakhwime, ndipo ndi yekhayo wobiriwira m'dera lonse. Mbuzi imaima ndi miyendo yakumbuyo, kutsamiza chifuwa pamtengo mpaka kuwerama, n'kuyamba kubudula kuchokera kunsonga. Pofika Julaye mumapeza timitengo tokhatokha. Munda wa kafukufuku umakhala ndi woyang'anira, mbewu imafika pa nthawi yake, mbozi zikagwa m'maluwa mankhwala alipo. Mayi wamasiye wa kuseri kwa phiri zimenezo azitenga kuti?

Mayi Nachisale, kumudzi:
A Maseko anena. Ine ndinabzalapo, ndinadyetsa mbuzi za eni.

Achimwene a Jere, Johannesburg:
Ine langa ndi msika. Mwaiwala 2017? Anthu anauzidwa kuti nandolo ndi ndalama, ku Balaka ndi kumwera konse anabzala kwambiri. Dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, linangoika malire pa wolowa m'dziko mwawo, mtengo n'kugweratu pansi. Matumba anafumbwa m'nyumba. Anthu ophunzira amayeza makilogalamu pa hekitala, pomwe mlimi amayeza zomwe venda wamupatsa pa sikelo. Bwanji tingogula feteleza, anthu apange manyowa a Mbeya, aja osakaniza feteleza, ndowe, madeya ndi phulusa? Amenewo ndiye akuwadziwa kale.

Chikondi:
Achimwene, za msika mu 2021 Malawi ndi India anasainirana pangano la matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu. Komanso nandolo ndi ndiwo, sikuti onse n'ngogulitsa. Za Mbeya ndili ndi nkhawa imodzi. Phulusa likakumana ndi urea pachinyontho, gawo la nayitirojeni limathawa ngati mpweya. Fungo lolasa m'mphuno lija mukamasula thumba patatha masabata atatu, ndi feteleza wanu akuuluka.

Mayi Nachisale:
Auluke, koma thumba limodzi likukwanira munda wonse ndipo chimanga chikubereka. Iwe Chikondi unabwera kudzaona munda wanga?

Chikondi:
Sindinabwere mayi, ndibwera. A Maseko, pa mbuzi paja ndiyankhe. Ochita kafukufuku analemba ndithu za ziweto zomasulidwa, za mbozi, za kugwa kwa mitengo. Zili m'malipoti mwawo. Vuto n'loti zimalembedwa m'Chingerezi chozama, kumapeto kwa pepala, m'magazini omwe amawerengana okhaokha. Uthenga ukamatsika kuchoka kumeneko kupita ku ofesi ya zaulimi, kenako kwa mlangizi, kenako kwa mlimi wotsogolera, machenjezo onse amagwera m'njira. Pofika pamsonkhano wa pansi pa mtengo pamatsala mawu awiri: bzalani nandolo.

Bambo Maseko:
Apo wakhoza. Ndipo kubwerera m'mwamba ndiye kulibiretu. Ife tinkalemba malipoti mwezi ndi mwezi, koma fomu inkafunsa kuti alimi angati atsatira njira yatsopano, mahekitala angati. Malo olembapo chifukwa chimene ena asiyira munalibe. Tsono taonani za Sasakawa zija, kabzalidwe ka chimanga ka mizere yotalikirana masentimita 75, phando lililonse masentimita 25, mbewu imodzi. Alimi ambiri anazitenga chifukwa pamunda pawo pomwepo anaona kusiyana chaka chomwecho. Nandolo uyu phindu lake lalikulu limaoneka chaka chachiwiri, pa chimanga. Munthu wa theka la ekala umuuze kuti chaka chino asabzale chimanga pa gawo lina la munda wake, adya chiyani mu Febuluwale?

Mlongo Tadala, Birmingham:
Ndiye tisachite chilichonse? Ndalama zizingokhala ku banki zikutha mphamvu?

Bambo Maseko:
Ayi mwanawe. Tichite, koma osati munda umodzi wokongola pamsewu wokhala ndi chikwangwani. Tipeze mabanja angapo, aliyense apatule mizere yowerengeka m'munda mwake, alime mmene amalimira masiku onse, opanda mlonda. Mbewu ya nandolo ikhale yocha msanga. Pali Mwaiwathu Alimi, palinso Mthawajuni wa makolo uja. Ndime ina tithire Mbeya, ina feteleza wosasakaniza wofanana muyezo, tione. Chikondi aziyeza zokolola, koma azilembanso zomwe eni minda akudandaula.

Chikondi:
Ndavomera. Ndipempha aphunzitsi anga kuti imeneyi ikhale ntchito yanga yomalizira.

Wapampando:
Chabwino. Mbewu sitigula mpaka amfumu avomere kuti mbuzi zizimangidwa kufikira nandolo atachoka m'munda, ndipo pakhale chindapusa. A Maseko ndi Mayi Nachisale, mukawaone Loweruka. A msungichuma, funsani mtengo wa mbewu.

Mayi Nachisale:
Tipita. Koma dziwani kuti khola lalikulu la mbuzi m'mudzi muno ndi la amfumu omwewo.