Kodi gulu laling'ono lingapeze bwanji thandizo la ndalama zophunzitsira achinyamata ovutika?

Mlembi wa gulu, Ntcheu:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mlembi wa gulu lomwe limathandiza achinyamata amene anasiyira sukulu panjira, makamaka ana amasiye ndi atsikana amene anabereka akadali aang'ono. Mpaka lero takhala tikudalira zopereka za mamembala ndi za kumpingo, koma tsopano tikufuna kupempha ndalama zosabweza kumabungwe akufuna kwabwino kuti ena mwa anawa abwerere kusekondale, ena aphunzire ukalipentala, utelala ndi kuwotcherera zitsulo. Kodi tiyambire pati, nanga opereka thandizo amayang'ana chiyani m'kalata yopempha? Tinalemberapo bungwe lina koma silinatiyankhe.

Mayi wa ku Lilongwe:

Bambo mlembi, musanalembenso kalata ina, yambani mwaonetsetsa kuti gulu lanu likudziwika mwalamulo, chifukwa mabungwe ambiri satumiza ndalama kuakaunti ya munthu payekha ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Magulu a achinyamata amalembetsa ku National Youth Council of Malawi, ndipo ofesi ya achinyamata ya pa boma panu ingakuuzeni zofunika. Mukadzakula n'kukhala bungwe lomwe si la boma, mudzayenera kulembetsa ku NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwe omwe si a boma, yomwe inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022. Khalani ndi malamulo a gulu olembedwa, akaunti ya kubanki yosainira anthu awiri kapena atatu, ndiponso buku losonyeza mmene munagwiritsira ntchito ndalama zochepa zomwe munasonkha kale. Kaonekereninso kukomiti ya chitukuko ya m'dera lanu (ADC) ndi kukhonsolo, pakuti opereka thandizo amakonda kufunsa kumeneko ngati mumadziwika. Kunena zoona, gulu la msinkhu wanu limapeza mwayi msanga likamagwira ntchito pansi pa bungwe lalikulu lomwe lapata kale ndalama kusiyana ndi kulembera lokha kunja.

Mphunzitsi wa zaumisiri, Blantyre:

Zimene anena mayiwa ndi zoona, koma ine nkhawa yanga ili pa bajeti. Makalata ambiri amene ndawaonapo amathera pa tsiku lopereka masatifiketi, ngati kuti wophunzira akangovala gauni ndi kujambulitsa ndiye kuti wapeza ntchito. Mtsikana amaphunzira kusoka miyezi isanu ndi umodzi, n'kubwerera kumudzi wopanda makina, ndipo pakutha chaka manja amakhala atayiwala ngakhale kudula kolala ya yunifolomu. Mnyamata wophunzira kuwotcherera amabwerera kudera kopanda magetsi, n'kumakagwira ganyu m'minda ya anthu monga ankachitira kale, satifiketi ili m'chikwama. Choncho m'pempho lanu muikemo mtengo wa zida zoyambira, lendi ya malo ogwirira ntchito kwa miyezi ingapo, ndiponso ndalama yoyendera anawo akamaliza maphunziro, kuti mudzathe kunena kuti ndi angati amene akupezadi ndalama ndi luso lawo. Wopereka thandizo wozindikira amafunsa chiwerengero chimenecho kuposa cha amene analowa m'kalasi.

Musavutikenso kufuna kumanga sukulu yanuyanu. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limayendera msonkho wa 1 peresenti umene olemba anthu ntchito amapereka pa malipiro a antchito awo, ndi limene limayang'anira maphunziro a zaumisiri, ndipo satifiketi yovomerezedwa ndi ilo ndi imene makampani amailemekeza. Kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a zaumisiri a m'madera, loyamba kutsegulidwa linali la Ngara ku Karonga. Kulipirira mwana malo m'koleji yotere, kapena kumuika kwa mmisiri wodalirika wa pamsika kuti aziphunzira akugwira ntchito, n'kotchipa kusiyana ndi kugula mapulena ndi macheka a kalasi yonse. Komanso posankha luso, yambani mwayenda pamsika panu n'kuwerenga atelala amene akhala kale pamakhonde a sitolo, chifukwa mwina chosowa kumeneko ndi wokonza njinga zamoto za kabaza kapena woika magetsi a sola.

Pomaliza, musaiwale kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo magulu amene anali atalemba mitengo yakale anagula zida zochepa kwambiri. Pemphani kuti bajeti ikhale ndi kagawo kodzitetezera mitengo ikakwera.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:

Ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi anzanga. Tisamafulumire kutumiza mwana aliyense wosauka kuntchito zamanja ngati kuti MSCE ndi ya ana a olemera okha. Ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu ilipo kuyambira mu 1993, koma chimawalepheretsa ambiri si fizi yokha: ndi wolera khanda masana, mtunda wautali, sopo, nsapato ndi zodzitetezera akakhala kumwezi. Bungwe la CAMFED, lomwe lakhala likugwira ntchito m'dziko muno kuyambira mu 2009, limaganizira zosowa zoterezi pothandiza atsikana, ndipo mungaphunzireko kalembedwe ka pempho lanu. Kafunseninso kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma panu za mabasale a khonsolo. Chenjerani kuti musasokoneze thandizo ndi ngongole: ndalama za thumba la boma la ngongole za bizinesi lodziwika kuti NEEF n'zobweza, ndipo zambiri zimene ophunzira a kuyunivesite amalandira ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro apamwamba, n'zobwezanso.

Mlembi wa gulu, Ntcheu:

Zikomo kwambiri nonse. Akaunti ndi malamulo tili nazo, koma ku National Youth Council sitinalembetse, ndiye tiyambira kumeneko. Pali munthu wina amene watilonjeza kutipezera opereka thandizo a kunja tikamulipira kaye ndalama yolembetsera. Kodi zimenezi zimachitika?

Mayi wa ku Lilongwe:

Musamupatse ngakhale tambala, bambo, pakuti bungwe loona silipempha malipiro kwa wopempha thandizo. Chichokereni thandizo la USAID mu 2025, magulu olimbirana ndalama zochepa achuluka, ndipo akathyali apezerapo mwayi. Mufunseni dzina la bungwelo, kenaka mulilembere nokha kapena mukafunse kuofesi ya achinyamata ngati akulidziwa.