Amayi akukanika kudzuka pampando, adokotala akuti awadule kamnofu. Tivomere?

Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 56 ndipo akhala akufooka pang'onopang'ono kuyambira chaka chatha. Akakhala pampando sadzuka mpaka atagwirira penapake, masitepe sakwera, ngakhale popesa tsitsi mikono imagwa yokha. Koma zala zili ndi mphamvu, dzanzi alibe, ululu ndi wochepa.

Kuchipatala ankaganizira chiwindi poti ALT ndi AST, zimene amayeza m'magazi pofufuza chiwindi, zinakwera. Adokotala ena ndiwo anawayeza CK, imene imaonetsa m'magazi ngati minofu ikuwonongeka, n'kupezeka kuti yaposa 3,000. Pano akuti apimidwe EMG, yoona mmene minofu ikugwirira ntchito, kenako awadule kamnofu pantchafu. Amayi zodulidwazo sakufuna kuzimva n'komwe. Kodi magazi okha sangaulule matendawa? Mankhwala amene amamwa ndi atorvastatin, wa mafuta a m'magazi.

Yankho loyamba:
Achemwali, ine ndimagwira ntchito zachipatala. Kufooka koyambira m'chiuno ndi m'mapewa, popanda dzanzi, kumaloza ku minofu. Vuto la minyewa yotumiza mauthenga m'thupi kawirikawiri limayambira kumapazi ndi kuzala, ndipo limabwera ndi dzanzi. CK imakhala mkati mwa minofu, imatayikira m'magazi minofu ikamawonongeka. Kwa anthu ambiri siposa 200 kwenikweni. ALT ndi AST nazonso zimapezeka m'minofu, n'chifukwa chake chiwindi chimanamiziridwa.

Koma CK imangonena kuti minofu yavulala, chimene chaivulaza siitchula. Atorvastatin ameneyo adokotala akumudziwa? Mankhwala a gulu lake, lotchedwa statin, amatha kufooketsa minofu. Ambiri amachira akawasiya, koma pali ochepa amene chitetezo cha m'thupi chimapitirizabe kuwononga minofu ngakhale atasiya, ndipo amenewo amadziwika poyeza m'magazi asilikali a m'thupi otchedwa anti-HMGCR. Afunseninso ngati anayeza chithokomiro, potaziyamu ndi HIV.

Yankho lachiwiri:
Ine anandidulapo, musaope. Amabaya jakisoni wa dzanzi, n'kuchotsa kachidutswa kakang'ono, tsiku lomwelo ndinabwerera kunyumba. Kunena zoona EMG ndiyo inandiwawa, ija yolowetsa kasingano m'mnofu. Anandiuza kuti sadula pamene pangobayidwa singano ya EMG chifukwa zotsatira zimasokonekera, ndiye anapima mwendo wamanja n'kudula wamanzere. Anandipeza ndi dermatomyositis, matenda otupitsa minofu ndi khungu. Tayang'anani zikope za amayi ngati zada mofiirira, komanso ngati ali ndi zidzolo pamfundo za zala.

Yankho lachitatu:
Bwanji osangowapatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa? Azakhali anga anawathandiza.

Woyankha woyamba:
Ayi bambo, asayambe okha. Prednisolone amabisa zizindikiro pa kamnofu kokapimidwako, ndipo akamwedwa nthawi yaitali nayenso amafooketsa ntchafu. Pali matenda ena a minofu, monga otengera kumtundu, amene mankhwalawa sawachiza. Achemwali, amayi akayamba kutsamwa pomeza, kubanika akagona chagada, kapena mkodzo ukada bii, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse. Zidzolo alibe, koma zotsamwazo zayamba posachedwapa akamamwa madzi, tinkangoti akumwa mothamanga. Ndiwaimbira adokotala pompano. Funso lina: ngati anti-HMGCR yapezeka m'magazi, kudulako kumafunikabe?